Chigumu chimene chinandichedwetsa

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Lifidzi. Tsiku limene masipayo, apolisi a boma la atsamunda, anagwira amuna anga kuti apite ku chibalo, tinamva kuti galimoto yowatenga inyamuka masana. Ndinathamangira kunyumba kukawaphikira chigumu cha kamba, poti chimatha masiku anayi osasasa. Ndinasakaniza ufa wa chimanga, nthochi ndi chidulo, n'kuika makala pansi ndi pamwamba pa mphika.

Apongozi anga anati, "Inu mtengwa, siyani izo, pitani mukawaone."

Ndinati, "Pang'ono amayi, m'kati simunapse."

Nditafika kumsewu, galimoto inali itapita. Akuti amuna anga ankangocheuka kundifunafuna. Anzawo onse anabwerera, koma iwo chino ndi chaka chachitatu, ngakhale kalata palibe.

Amayi anzanga, akakuitanani kukatsazika munthu, phulani ngakhale chosapsa.