Bambo Lorenso Mbeta ndi Oyilo wa ku Joni

Abale, anansi, akhristu anzathu ndi nonse amene mwasonkhana pano, amene agona m'bokosi ili ndi bambo Lorenso Zuze Mbeta. Anabadwa pa 9 Juni 1953 kuno kwa Ndamera, m'boma la Nsanje, m'banja la bambo Zuze Mbeta ndi mayi Dorika, amene anachokera ku Mozambiki, mbali za Mutarara. Anali achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi, ndipo abale awo onsewo anatsogola kale. Ine wowerenga mbiriyi ndine Wiliyamu Semba. Ndinagwira nawo ntchito zaka 33, ndipo a banja andipempha kuti ndinene zonse, ngakhale zija malemuwa anandiletsa kunena ali moyo.

Sukulu anayamba mu 1961 pamishoni, nalekeza Sitandade 7. Eni ake ankati sukulu sinawakane, kungoti mutu wawo unali utapita kale ku Chiromo, kumene kunkadutsa sitima ndi malole. Mu 1970 thupi nalo linatsatira mutuwo. Analowa galaja ya wamalonda wina pafupi ndi mlatho, ndipo zaka ziwiri zoyamba ntchito yawo inali kutsuka zitsulo m'parafini basi. Kumeneko ndi kumene anatenga chizolowezi chimene ambiri a inu mukuchidziwa. Galimoto ikabwera ndi vuto, iwo sankafulumira kugwira sipanala. Ankayamba adontheza oyilo pachala, kumufikisa ndi chala chachikulu, kumununkhiza, kenako n'kumuuza mwini galimoto zonse zimene wakhala akuilakwira.

Mu 1975 analembedwa ntchito ku esiteti ya nzimbe ku Nchalo, kugalaja ya mathirakitala, ndipo ine ndinawapeza kumeneko. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Nthawi ya nkhomaliro ife tinkakangana za mpira, iwo atakhala patayala, khutu lili ku injini ina yolira chapatali. Tinkawaseka kuti amamvana ndi zitsulo kuposa anthu, ndipo sanatitsutsepo.

Mu 1977 anakwatira mayi Luisa Nyathando a kuno komwe, ukwati wa mu tchalitchi cha Katolika. Mulungu anawapatsa ana atatu: Ethel, Otilia ndi mzime, Limbikani. Mayi Luisa ndiwo anali pakamwa pa nyumbayo. Mlendo akafika, moni ndi nkhani zonse zinkachokera kwa mayi, bambo n'kumangogwedeza mutu. Kutchalitchi malemuwa anali mkhristu wosajomba. Anatumikira ngati msungi wa makiyi a tchalitchi cha ku Bangula zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anali a mphakati wa Yosefe Woyera. Kwaya anayesako kamodzi, mayi Luisa n'kuwapempha kuti aziyimbira Mulungu mumtima.

Anapuma pantchito mu 2008, nakhazikika ku Bangula. Chaka chomwecho anagula pikapu yoyera ya 1984, imene eni ake anali ataitaya kale kuti yatha ntchito. Anaiphwasula yonse pansi pa mtengo wa nimu pakhomo pawo, ndipo patapita miyezi inayi inalira. Inkanyamula nsomba ndi mapira pamsika, koma ntchito imene inadziwika nayo ndi ina. Mayi wapakati zikavuta, ankathamangira kwa a Mbeta. Maliro akachitika kuchipatala, ankathamangira kwa a Mbeta. Pa maulendo otere iwo sankalandira kanthu, ndiye anthu ankangoti takhuta, monga timathokozera kuno, mpaka galimotoyo inatchedwa Takhuta. Mayi Luisa okha ndiwo ankaitcha mkazi mnzawo, ati chifukwa inkasambitsidwa m'mawa uliwonse pamene iwo sanaguliridwepo ngakhale sopo wonunkhira. Komabe mpando wakutsogolo unali wawo, ndipo anayalapo chitenje chawo chobiriwira kuti usamawotche dzuwa likakula.

Ana anakula n'kumwazikana. Ethel anakwatiwa ku Blantyre, Otilia ku Beira, ndipo Limbikani anapita ku Joni mu 2014, kumene anapeza ntchito pagalaja ya magalimoto atsopano. Mu 2016 mayi Luisa anamwalira, ndipo Takhuta ndiyo inawanyamula kuchokera ku Bangula kudzawayika m'manda ano. Limbikani sanabwere, chifukwa mapepala ake sanali bwino ndipo akanatuluka sakanalowanso. Manyazi a zimenezi anamutseka pakamwa. Foni yake inayamba kubwera pa Khirisimasi pokha, ndipo ikabwera, bambo ndi mwana ankafunsana za mvula kenako n'kusowa chonena.

Kuyambira pamenepo nyumba ija inangoti zii. Malemuwa ankaphika okha, kudya okha, kuchapa okha. Tisanamizane pamaliro: ife anzawo tinkawapatsa moni pamsewu, koma olowa pakhomo kukakhala nawo pansi tinali ochepa, ndipo ine ndemwe sindinali wakhama. Chimene chinawatsalira chinali ulendo umodzi pamwezi. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankaliza Takhuta m'mawa, khasu lili kumbuyo, n'kubwera kuno kudzalambula manda a mayi. Chitenje chobiriwira chija sichinachoke pampando, ndipo palibe amene ankaloledwa kukhalapo. Wopempha matola ankakwera kumbuyo, ngakhale atavala jekete. Anandiuza kangapo, ndipo anauzanso a mphakati, kuti tsiku lawo likadzafika asadzakwezedwe galimoto ya munthu wina. Imene inanyamula Luisa idzawanyamule iwonso, pa msewu womwewo.

Mu Epulo 2023 kunafika katundu wochokera ku Joni. Chinali chigubu cha malita asanu cha oyilo wamakono uja amati sinthetiki, wopangidwa mwapadera ku fakitale, amene amathira m'magalimoto atsopano. Limbikani anali atasankha wabwino koposa pa onse amene ankagwiritsa ntchito pagalaja yawo. Inali mphatso yoyamba kutumiza kwa bambo ake chichokereni.

Tsiku limenelo malemuwa anandiyitana. Anatsegula chigubucho, nadontheza pachala, nafikisa, nanunkhiza. Kenako anati oyiloyu alibe mlandu, ndi wabwino kuposa aliyense amene anamugwirapo, koma ndi wopyapyala ngati madzi, ndipo nkhalamba ngati Takhuta imafuna wolemera. Anandifotokozera zimene ndinkazidziwa kale, poti amakaniko timakonda kuphunzitsana za dzana. Injini ya zaka pafupifupi makumi anayi imakhala itadyeka mkati. Mphira zotsekera oyilo zimakhala zitauma n'kung'aluka, ndipo chimene chimamata ming'aluyo ndi phala lakuda la oyilo wakale. Oyilo wamakonoyu amatsuka phala lonselo, ndiye ming'alu imatseguka. Wofuna kumuthira m'galimoto yakale ayambe wasintha mphirazo, ndiponso asankhe wamtundu wolemera, makamaka ndi kutentha kwa kuno kuchigwa. Koma mphira za pikapu ya 1984 sizinkapezeka ku Bangula, ngakhale ku Nchalo. Anatseka chigubucho n'kuchiyika pansi pa bedi.

Nkhani ikanathera pomwepo, koma Lamulungu lotsatira foni inalira. Anali Limbikani, kufunsa ngati oyilo wafika komanso ngati amuthira. Bambo anati adikire kaye. Lamulungu linalo inaliranso, ndi linalonso. Mwana amene ankayimba kamodzi pachaka tsopano ankayimba sabata iliyonse, ndipo anali ndi chokambirana. Ankayamba ndi oyilo, n'kupita ku injini za ku Joni, mpaka kufika pa nkhani za amayi ake zimene anali asanazikambepo. Malemuwa anayamba kutuluka m'tchalitchi mofulumira kuti foni iwapeze ali pakhomo. Ndinawaona ndi maso anga atakhala pampando pansi pa nimu uja, foni ili pabondo, kudakali ola lathunthu kuti nthawi ikwane.

Ndinawalangiza kuti angomuuza mwanayo zoona, kapena apatse oyiloyo munthu wa galimoto yatsopano. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati chinthu chimene mwana wakutumizira suchipereka kwa wina, ndipo sungamuuze kuti walakwitsa pa chinthu choyamba chimene wayesa kukuchitira. Ndinati nanga bwanji osangonena kuti mwathira. Anati munthu wosunga makiyi a tchalitchi sanganamize mwana wake pa Lamulungu. Mu Julayi, pa Lamulungu lakhumi ndi chiwiri, anamva m'mawu a Limbikani kuti wayamba kukhumudwa, akuganiza kuti bambo ake akunyoza mphatsoyo chifukwa choti iye sanabwere kumaliro aja. M'mawa mwake anakhuthula oyilo wakale n'kuthira wa ku Joni, akudziwa bwinobwino chimene akuchita.

Masabata oyamba Takhuta inalira mokoma ngati yatsopano, ndipo malemuwa anayika foni pafupi ndi injini kuti Limbikani amve yekha. Sindinawaonepo akusangalala chotero chimwalirireni mayi Luisa. Kenako pansi pa nimu panayamba kuoneka madontho. Madontho anasanduka chithaphwi, utsi wabuluu n'kuyamba kutuluka kumbuyo. Ndinawapempha kuti akhuthule abwerere ku wolemera uja. Iwo anali atasiyako pang'ono m'chigubu, ndipo anati ayambe amaliza wa mwanayo, akabwerako ku manda ulendo wa Okutobala adzasintha. Loweruka loyamba la Okutobala 2023 kunatentha moti ngakhale mbuzi zinkakana kutuluka pamthunzi. Akubwerera kuchokera kuno, chapafupi ndi kwa Tengani, mphira yakumbuyo kwa injini inaphulika, oyilo yense anathera mumsewu, ndipo asanapeze poima injini inanoka. Zitsulo za mkati zinadyana n'kugwirana. Makaniko amene anapulumutsa injini za anthu zaka makumi asanu anakokedwa ndi thirakitala kulowa mu Bangula, anthu akuonerera.

Madzulo ake anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti Limbikani asamve. Ndipo munthu uja anakana bodza limodzi anayamba kunama Lamulungu lililonse. Mwana akafunsa za Takhuta, ankayankha kuti ikuyenda pyadidi, kutanthauza kuti bwino kwambiri. Loweruka ankapita kukalapa, Lamulungu n'kubwerezanso. Ndinawafunsa kuti zimenezi zidzatha liti. Anati mwanayu wasenza kale maliro a amayi ake, sangamusenzetsenso galimoto.

Ku manda anayesa kubwera pa minibasi ndi kabaza, koma miyendo inali itayamba kutupa, ndipo atabwera kawiri analephera. Ichi ndicho chinawapweteka kuposa matenda. Loweruka loyamba la mwezi ankalowa m'galimoto yakufayo, n'kukhala pachiwongolero, pambali pa chitenje chija, mpaka dzuwa kuwatulutsa. Masiku enawo ankaphwasula injini pang'onopang'ono, zitsulo atazindandalika pamphasa, kutsuka chimodzichimodzi m'parafini monga ankachitira ku Chiromo. Ankati ayenera kuidzutsa isanafike nthawi yoti iwanyamule. Zina anazipeza kwa ogulitsa zakale, koma chitsulo chachikulu cha mkati sichinapezeke.

Anayamba kudwala matenda a kuthamanga kwa magazi mu 2024. Pa 11 Ogasiti chaka chino cha 2025 mayi Priska, oyandikana nawo nyumba, anaona kuti dzuwa lakwera koma chitseko sichinatsegulidwe. Anawapeza atagwa, mbali imodzi itafa. Anatengedwa kupita kuchipatala cha ku Nsanje pa galimoto ya munthu wina, ndipo kumeneko madokotala anayesetsa, koma pa 14 Ogasiti masana anatisiya. Anali ndi zaka 72. Pokonza m'nyumba tinapeza chigubu chija chili patebulo, chotsukidwa bwino, pambali pa chithunzi cha mayi Luisa.

Limbikani anafika dzana, patatha zaka khumi ndi chimodzi. Asanalowe m'nyumba anapita pansi pa nimu, natsegula boneti, napeza mulibe injini. Pamenepo lumbiro langa linatha, ndipo ndinamuuza zonse. Ndi iye amene wandipempha kuti ndiziwerenge pamaso panu. Ine ndikuwonjezapo mawu amodzi amene bambo ake anandiuza ndipo ndinali ndisanamuuze. Anati akanakhala ndi injini yachiwiri, nayonso akanaithira, chifukwa oyilo ameneyo anawabweretsera mwana wawo Lamulungu lililonse kwa zaka ziwiri.

Amene mwabwera nafe kuchokera ku Bangula mwaona mmene tayendera lero. Amakaniko a pamsika anapopa matayala n'kukonza mabuleki, ndipo tinamanga Takhuta ndi chingwe kumbuyo kwa lole. Bokosi linali kumbuyo kwake monga anafunira. Tayenda pang'onopang'ono maola anayi, tadutsa kwa Tengani osaima. Pachiwongolero panali Limbikani, ndipo mpando wa pambali pake sanakhalepo munthu.

Malemu bambo Lorenso Zuze Mbeta asiya ana atatu: mayi Ethel a ku Blantyre, mayi Otilia a ku Beira ndi bambo Limbikani. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndipo mwa izo ziwiri za ku Joni ankangozimva mawu pafoni. Asiya mlamu wawo mmodzi, bambo Gilbert Nyathando a kuno kwa Ndamera, ndi ana a abale awo khumi ndi anayi. Chitenje chobiriwira chija tachichotsa pampando koyamba lero, ndipo ndi chimene mukuchiona pabokosipo.

Bambo Mbeta, mwafika pa galimoto yanu, ndipo wakuyendetsani ndi mwana wanu. Pambali pa mayi Luisa, pumulani mu mtendere.