Ndinapindira Ndalama Mayi Wamasiye pa Boda

Abale ndi alongo, ambiri a inu mumandidziwa. Mumati a Gideoni a pa boda. Ena mumandidziwira envulopu yanga ya chakhumi, yomwe inkanenepa kuposa ya aliyense mumpingo uno. Lero ndaima pano kuti ndikuuzeni kumene inkanenepera.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi ndinkasintha ndalama pa chipata cha Mwanza. Marandi, metikali, madola, makwacha. Basi isanaime n'komwe, ife tinali titafika kale pa windo. Ndinali ndi kachikwama ka m'chiuno ndi pakamwa potsekemera. Wamkulu ndinkamuti madala, wamkazi masiteni, wa ku Zobwe ndinkamulonjera m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka mpaka aseke.

Koma phindu la reti lokha, mtengo wosinthira uja, silinkandikwanira. Ndinaphunzira kupinda.

Kwa inu osadziwa, kupinda kumatere. Umatenga ndalama zingapo zapepala, n'kuzipinda pakati, n'kuzilowetsa m'kati mwa mtolo, n'kumanga ndi labala. Powerengera munthu, mbali yopindayo umaibisa m'dzanja, n'kumawerenga kunsonga. Ndalama imodzi imaoneka ngati ziwiri. Munthu akuona ndi maso ake, akuwerenga nawe limodzi ndi pakamwa pake. Mukangomaliza umati, "Bisani msanga, apolisi awo!" Iye amaponya mtolo m'chikwama, n'kukuthokoza.

Ndinali katswiri. Anzanga ena ankagwidwa n'kulandira makofi, koma ine ayi.

Mowa sindinkamwa. Fodya sindinkasuta. Kunja kwa banja sindinkayenda. Choncho ndinkadziona woyera, ndipo oledzera ndinkawayang'ana cham'mbali. Ndinali ndi masamu angaanga ndi Mulungu. Ndinkati ndikangopereka gawo lakhumi, magawo asanu ndi anayi otsalawo ayera. Lolemba mpaka Loweruka ndine wa pa boda, Lamulungu ndine wa Yesu. Mtima ukafuna kundivuta ndinkautonthoza kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Simenti ya pansi pomwe mwapondapo, matumba ena ndinagula ndine. Munandiombera m'manja. Sindikukudzudzulani, simunkadziwa.

Tsiku lina mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pa boda panafika minibasi yochokera ku Joni, ikukoka kangolo kumbuyo. Ife a pa boda tinkazidziwa galimoto zotere. Zimabweretsa abale athu omwalirira ku Joni.

Munatsika mayi wovala duku wakuda, maso ali otupa, mapazi nawo otupa ndi ulendo. Dzina lake ndinadzalidziwa pambuyo pake, anali mayi Esinati. Anamasula mpango, m'katimo muli marandi. Anandiuza kuti amuna awo ali m'bokosi m'kangolomo. Minibasi ikupitirira ndi maliro ena, iwo atsikira pa boma. Akufuna makwacha olipirira galimoto yopita kumudzi kwa Nthache, otsalawo akapereke kwa akuchimuna kuti ayendetsere mwambo. Marandiwo anasonkha ndi anzawo a malemu.

Munthu wolira sawerenga kawiri. Ndinkadziwa zimenezo. Ndinawapindira mitolo itatu.

Ndipo pakamwa pangapa, abale, pomwe ndikulankhulira lero, ndinati, "Pepani mayi, Mulungu akutonthozeni."

Masana ndikupita ku boma pa kagalimoto kanga, ndinaliona bokosilo. Linali pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, lofunditsidwa chitenje. Mayi aja atakhala pansi, ndalama zitamwazika pamiyendo, akuwerenga, kubwereza, kuwerenganso. Woyendetsa pikapu ataima pambali, manja m'chiuno. Ndinakweza magalasi n'kudutsa.

Lamulungu lake ndinachotsa chakhumi pa ndalama zomwezo.

Titaweruka, abusa anandiitana. Anati ku nthambi yathu ya kwa Nthache kwagwa maliro a mwana wa mayi wina wa mumpingo, womwalirira ku Joni, ndipo aikidwa mawa lake. Anapempha kuti ndiwanyamule pamodzi ndi akulu ampingo awiri. Ndinakumbukira bokosi lija. Koma ndikane bwanji? Ndinavala jekete ndi tayi, ndinapita.

Anali maliro omwe aja.

Anatipatsa mipando yakutsogolo. Mukudziwa mwambo wathu, chipepeso chimalengezedwa pagulu, dzina ndi ndalama yake. Ine pofuna kuziziritsa mtima ndinali nditaika yambiri. Wolengeza atafika pa dzina langa anabwereza kawiri, anthu n'kung'ung'udza mosirira. Nthawi yomweyo amayi ankatuluka m'nyumba ya siwa atagwirizira wamasiye. Mayi Esinati anakweza maso n'kundiyang'ana. Kenako anawerama n'kupitirira. Ine ndinati sanandizindikire, ndipo ndinathokoza Mulungu. Tangoganizani, kuthokoza Mulungu pa chinthu chotero.

Kenako anaimirira malume a malemu kulankhula m'malo mwa banja. Anathokoza mafumu, anathokoza mpingo. Pomaliza mawu awo anauma. Anati anyamata a ku Joni aimba foni n'kutchula ndalama yomwe anapatsira mlamu wawo, koma yomwe yafika pamudzi ndi ina. Anati nkhaniyo aikamba pa kumeta.

Patapita masabata awiri, mkulu wampingo wa kunthambiko anandiuza mmene zinathera, akungocheza, osadziwa kuti akuuza mwini nkhani. Mayi Esinati anali pa chitengwa, kwawo ndi ku Thambani. Nyumba yamalata anamanga pamudzi wa amuna awo ndi thukuta la ku Joni la onse awiri. Ana awo awiri ankakhala ndi apongozi. Pa kumeta, mayiwo anafotokoza kuti anaberedwa ndi wosintha ndalama pa boda. Palibe anakhulupirira. Anati munthu wamkulu sangawerenge ndalama ndi maso ake n'kudzati zaperewera. Anawatcha wakuba wodya za maliro a mwamuna wake. Anawalanda makiyi, anawakaniza ana, n'kuwauza kuti azipita kwawo.

Ine ndinapukusa mutu n'kunena kuti, "Anthu alibe chisoni masiku ano."

Miyezi isanu ndi iwiri ndinakhala chete.

Musaganize kuti ndinasiya kupinda. Ndinkapindabe. Chomwe ndinachita ndi kuonjezera chopereka. Ndinagula mipando, ndinagula nsalu ya pa guwa. Koma mtendere unandithawa. Ndinkakalipira ana anga popanda chifukwa. Akazi anga anaganiza kuti ndapeza mkazi wina, ndipo kunena zoona, ndinaona kuti n'kwabwino aziganiza zimenezo kusiyana n'kuti adziwe zenizeni.

Ndinkaopa zambiri. Ndinkaopa anzanga a pa boda, chifukwa woulula za kupinda waipitsa msika wa onse. Ndinkaopa apolisi. Koma choopsa kwambiri kwa ine chinali inuyo. Ndinkakonda mmene munkanditchulira.

Tsiku la Mgonero wa Ambuye, mbale ya mkate itafika pa ine, dzanja linakana kutambasuka. Ndinaliyang'ana dzanjalo, zala zomwe zija zodziwa kubisa. Ndinamva mumtima mwanga mawu osakuwa, ondifunsa kuti ana a mayi uja ali kuti. Ndinapatsira mbale mnzanga, ndinatuluka panja, ndinakalira kuseri kwa tchalitchi ngati mwana.

Madzulo ake ndinapita kwa abusa n'kuulula zonse. Ndinkayembekeza kuti andisanjika manja, anene kuti machimo ako akhululukidwa, nkhani ithere m'chipindamo. Koma iwo anaimirira. Kenako anatsegula kabati, anatulutsa envulopu yomwe ndinaponya m'mawa womwewo, isanatsegulidwe, n'kundibwezera.

"Kupemphera tipemphera, a Gideoni," anatero. "Koma muthire mafuta m'galimoto. Mawa tili ndi ulendo."

Ndinakwiya, ndisaname. Mumtima ndinati, munthuyu waiwala amene anamugulira njinga? Koma m'mawa ndinathira mafuta.

Tinayambira kwa Nthache. Banja linasonkhana pa khonde la nyumba yamalata ija, momwe tsopano munkagona mphwake wa malemu. Ndinafotokoza zonse. Malume aja anaseka. Anati mayi Esinati atituma, atinyengerera ndi misozi, ndipo ife anthu a Mulungu tawamvera chisoni.

Pamenepo ndinatulutsa mtolo m'thumba. Ndinali nditaukonzeratu. Ndinati, "Madala, tiyeni tiwerengere limodzi." Tinawerenga mokweza, iwo maso ali pa zala zanga, achibale onse ataunjikana. Tinapeza makumi asanu. Ndinawapatsa kuti amasule labala okha. Anawerenga, anapeza makumi atatu ndi zisanu. Anawerenganso. Apongozi a mayi Esinati anafunda chitenje kumaso n'kuyamba kulira maliro atsopano.

Mnyamata wina wa pabanjapo anandimenya chibakera pakamwa. Abusa anamugwira. Ine sindinadandaule, chinali chochepa.

Kuchoka apo tinapita ku Thambani, titanyamula apongozi ndi ana awiri aja. Mayi Esinati tinawapeza kuseri kwa msika akupakira makala a eni ake m'matumba. Anali ataonda, nkhope yakuda ndi fumbi la makala. Mwana wamkulu anawathamangira. Wamng'ono, kamtsikana, anabisala kumbuyo kwa apongozi aja osafuna kuyandikira. Miyezi yonseyo ankamuuza kuti amayi ake anadya ndalama za bambo ake.

Ndinagwada pa makala pomwepo. Ndinayamba kudzifotokoza kuti ndine ndani. Anandidula.

"Ndikukudziwani," anatero. "Ndinakudziwani tsiku lomwe lija pamaliro. Koma ndikanati wakuba wanga ndi uyo, akanandimvera ndani? Inu munali mutavala tayi, mutakhala pafupi ndi abusa, dzina lanu likutchulidwa kawiri. Ine ndinali ndani?"

Ndinapereka ndalama zawo ndi zina pamwamba. Anamasula, anaziyala pansi, anawerenga imodziimodzi pamaso pa tonse. Kenako anatembenukira kwa abusa.

"Abusa, musavutike kundiitanira ku tchalitchi. Kuyambira tsiku limene lija sindinapondemo. Ndinaona kuti Mulungu wanu amakhala kutsogolo ndi anthu ngati awa."

Abale, chibakera chija sichinandipweteke ngati mawu amenewa. Ine ndinkaganiza kuti ndinaba makwacha. Ndinali nditabera munthu nyumba, ana, dzina, ndi Mulungu wake yemwe.

Akuchimuna anapepesa, anabweza makiyi. Mayi Esinati anatenga ana awo, koma kunyumba ija anakana kubwererako. Anati sangamwe madzi pa chitsime chimodzi ndi anthu omwe anawaimba wakuba amuna awo asanazizire m'manda. Malata anakawasasula n'kukafolera kanyumba kwawo.

Ine pa boda sindinabwerereko. Nkhani inanditsogolera, anzanga anandiuza kuti akadzandionanso pa chipata adzandithyola zala. Galimoto ndinagulitsa. Amene ndinawakumbukira ndi kuwapeza ndinawabwezera, koma ndi ochepa. Ambiri anali apaulendo, a ku Mzimba, a ku Mangochi, a ku Tete, sindidziwa n'komwe maina awo. Amenewo ndidzafa nawo mumtima. Akazi anga anakhala mwezi osandilankhula bwino, ndipo ana anga anasamuka kusukulu yolipira.

Lero ndili ndi kakontena kakang'ono pa boma, potumizira ndi kulandirira ndalama za pa foni. Phindu lake ndi lochepa, masiku ena ndiwo zimavuta. Ndalama iliyonse ndimaiyala pa thabwa payokhapayokha, ndipo kasitomala sachoka asanawerenge yekha. Ena amatopa nane, amati, "Madala, fulumirani, takukhulupirirani." Ndimati ayi, werengani. Gogo akalakwitsa n'kundipatsa yochuluka, ndimamuitana. Si kuti ndasanduka mngelo. Zala zanga zikudziwabe ntchito yakale, ndipo masiku ovuta zimandiyabwa. Koma Yesu amene ndinkamusiya pakhomo la tchalitchi, tsopano ndimalowa naye m'kontenamo m'mawa uliwonse.

Ndikuyamika Mulungu chifukwa sanandisiye kuti ndife ndi ulemu wanga wabodza. Anandivula pagulu, ndipo ndi pamene ndinayamba kupuma. Ndinkayesa kumugula, Iye anakana kugulidwa, n'kundikhululukira kwaulere. Dzina lake litamandike.

Koma umboni wanga uli ndi bala lomwe silinapole. Mayi Esinati mpaka lero sapemphera. Amayi a mumpingo wa ku Thambani amapitako, amawalandira bwino, amawapatsa mpando. Akatchula za tchalitchi, amangoti tsiku lina. Ndikupempha muziwatchula m'mapemphero anu, chifukwa amene anatseka khomo limenelo ndine, ndipo kulitsegula sindingathe.

Tsono ndikuitana iwe m'bale, iwe mlongo. Kaya uli pa sikelo yogulira nandolo, kaya pa kauntala, kaya umasunga bokosi la banki m'khonde, kaya umakongoza anzako mwa katapila. Mwina pali wina amene anasiya kugwada chifukwa anakuona iweyo ukuimba kutsogolo. Dzina lake ukulidziwa, lakufikira kale mumtima pamene ndikulankhula pano. Bwera kuno tipemphere limodzi, Yesu sakana munthu. Ndipo tikatha kupemphera, usadikire miyezi isanu ndi iwiri ngati ine. Nyamuka, pita ukamupeze akadali ndi kachikhulupiriro koti n'kupulumutsa.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.