Tsiku Limene Sitima Inandichedwetsa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Mundikhululukire polemba, ine mwana wa sukulu ya kumudzi ku Ntcheu, wosazolowera kuyankhula pagulu, koma mtima ukukana kukhala chete.

Mu 2017 ndinatsala pang'ono kuchotsedwa pa yunivesite kuno ku Cape Town. Kafukufuku wanga anali wa tizidutswa ta labala topyapyala timene timatambasuka tikapatsidwa magetsi. Tikalumikizidwa tambiri mumzere, kalikonse kamakoka kanzake, ndipo ine ndinkalemba masamu pa kompyuta olosera kukokanako. Masamu ankanena zina, labala ankachita zina. Aphunzitsi ondiyang'anira, mayi wodekha, anandiuza kuti zikapanda kugwirizana chaka chisanathe, thandizo langa la ndalama za sukulu litha, ndipo chilolezo chokhalira m'dziko muno chithera pomwepo.

Mtima sunakhalenso m'malo. Ndinkasintha masamu, kufufuta, kubwezeranso zomwezo. Ndikangokunga labala pa mafelemu ake, ndinkamuyesa nthawi yomweyo, kuopa kuti aphunzitsi angadikire n'kundiyesa waulesi. Pemphero langa linafupika, linangotsala lakuti Ambuye, ndisabwerere kumudzi chimanjamanja. Mayi Asiyatu a ku Machinga, amene ndinkachita lendi kwawo ku Wallacedene, ankandiseka kuti, "Achimwene, mpaka kuonda chonchi chifukwa cha malegeni?" Koma anandiuza kuti nawonso, poti ndi Msilamu, akundipempherera pa swala yawo.

Tsiku lina sitima ya ku Kraaifontein, imene ndinkakwera popita ku yunivesite, inachedwa kwambiri. Ndinafika labu ili pafupi kutsekedwa, ndinangokunga labala n'kutuluka. M'mawa mwake sitima sinabwere n'komwe. Ndinazungulira pa siteshoni ndikudandaulira Mulungu kuti ngakhale masiku otsalawo akundilanda.

Nditafika tsiku linalo, ndinafuna kutaya labala uja poganiza kuti wafooka. Aphunzitsi anati nthawi palibe, ndingomuyesa yemweyo. Mzere wa masamu ndi mzere wa labala zinagonerana pa kompyuta. Ndinayesanso, zinagoneranabe ndithu.

"Unamukunga liti ameneyu?" anandifunsa.

Ndinayankha mwamanyazi kuti dzana, ndikupepesa. Iwo anagwira pakamwa, kenako anaseka. Anandifotokozera kuti labala akangokungidwa amapitiriza kulendera pang'onopang'ono, kachidutswa kalikonse pa liwiro lake, pamene masamu anga ankanena za labala wokhazikika. Ophunzira awo ena onse ankamusiya agone kaye, choncho sanaganizepo zondifunsa.

Abale, ine ndinkapempha kuti zinthu zifulumire, koma Mulungu anandiyankha pondichedwetsa. Ndikumuthokoza, ndikuthokozanso amayi awiri aja. Inu amene mwaima pa siteshoni yanu mukulira, musaleke kupemphera.

Thandizo langa analiwonjezera Lachisanu loyamba la Disembala chaka chomwecho.