Matenda Amene Ndinabisira Mkamwini Wanga

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ine ndine NaBanda wa ku Pembamoyo, ambiri mumandidziwa chifukwa cha nsawa zanga. Lero ndinena nkhani imene mayi wamkulu ngati ine sanena pagulu. Ndinena za kuchimbudzi. Sekani, palibe kanthu, inenso masiku ano ndimaseka.

Ndinali munthu wamphamvu ine. Khasu ndinkaligwira kuposa amuna ena. Mwana wanga Tiyanjane atakwatiwa ndi a Mwale, amene amaona odwala pa kiliniki yathu, anthu ankati, “NaBanda mwachita mwayi, dokotala ali pakhomo.” Koma mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwini sitidya naye. Tikakumana panjira, wina amapatuka. Ine ndinaleredwa choncho ndipo ndinkanyadira.

Matenda anabwera mwakachetechete. Masiku atatu osachita chimbudzi. Kenako anayi. Mimba gwa! Thupi linkandiuza kuti pita, pita msanga, koma ndikapita palibe. Kungotuluka zoterera, nthawi zina ndi timagazi. Ndinkati ndi kudzimbidwa chabe, ndadya kwambiri chimanga chokazinga. Ine ndinkadziwa kuti wodwala matumbo ndi amene akutsegula m’mimba. Nanga wouma m’mimba angadwale bwanji matumbo?

Ndinapita ku kiliniki ndithu. Ndinkayembekezera kupeza anesi, koma ndinapeza a Mwale ali okha. Anawerama, maso papepala.

“Amai, chavuta n’chiyani?”

“Mutu,” ndinatero.

Anandipatsa mankhwala a mutu. Ulendo wachiwiri ndinati chizungulire. Anandipempha kuti nditambasule manja, nkuona kuti ayera. Anati magazi achepa, nkundipatsa mapilitsi owonjezera magazi. Asanalembe anafunsa kawiri konse kuti, “Palibe china, amai?” Ine ndinati palibe. Ndinanama, abale, ine wa kwaya! Mapilitsi aja amaumitsa m’mimba, ndiye pa ine zinangowonjezera. Koma a Mwale akanalota?

Mnzanga wina anandipatsa mizu yotsuka m’mimba. Ndinamwa. Mimba inandipota mpaka ndinagwira khoma, ndipo magazi anachuluka. Ndinayamba kudya pang’ono, kumwa madzi pang’ono, kuti ndisamavutike kuthengo. Osadziwa kuti ndikungoumitsa zinthu.

Nthawi yokumba nsawa ndinagwa m’munda dzuwa lili pamutu. Ananditengera kunyumba pa ngolo. Ndili pamphasa ndinapemphera pemphero loipa. Ndinati, “Ambuye, bola ndife ndi ulemu wanga kusiyana n’kuti mkamwini amve za kuchimbudzi kwanga.” Ndinali ndi mantha, koma manyazi anali akulu kuposa mantha.

Mulungu sanayankhe pemphero limenelo. Aleluya!

Madzulo ake ndinamva njinga panja. A Mwale sanalowe. Anatenga kampando nkukhala kuseri kwa khoma, pansi pa windo, atayang’ana kumunda. Tiyanjane anaima pakhomo kuti azinyamula mawu, ngakhale tonse tinkamvana bwinobwino.

“Afunseni amai, chimbudzi anachita liti?”

Tiyanjane anabwereza. Ine ndinanong’ona kuti sabata yakwana. Iye anakanena.

“Afunseni, akapita kumatuluka chiyani?”

Ndinamuuza mwana wanga pang’onopang’ono. Atamva za magazi anagwira pakamwa nkuyamba kulira, mawu osatuluka. Munthu uja ali panja akudikira. Pamenepo ndinakumbukira kuti wamva m’mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinayang’ana khoma lija, ndinati, “A Mwale, ndi magazi. Miyezi yambiri tsopano.”

Anayankha modekha kuti, “Zikomo amai. Mawu amenewa ndi amene ndimawasowa. Mawa tikupita ku boma.”

Ku chipatala cha pa boma anatitumiza ku chachikulu, kumene anandiyeza ndi kachubu kokhala ndi kamera. Dokotala wake anali mayi, ndiye ndinafunsa momasuka. Ndinati, “Nanga matumbo adwala bwanji ine osatsegula m’mimba?”

Anandifunsa ngati ndili ndi dimba. Ndinati eya. Anati, “Ngalande ikatsekeka kumapeto, madzi amatani?” Ndinati amaima kumtunda. Anati basi ndi zomwezo. Thumbo langa linatupa ndi kuchita zilonda kumunsi, pafupi ndi potulukira. Malo otupawo sagwira ntchito bwino, ndiye chimbudzi chimaima kumtunda nkuuma. Zilonda zija ndi zimene zinkandinamiza kuti pita, pita, pomwe kulibe kanthu, ndipo magazi ankachokera pomwepo. Munthu ukamva kupweteka umayambanso kudzigwira, ndiye zimaumirako. Anati kwa ena zipsera zimachepetsa njira ya thumbo, ndipo woteroyo akamwa mizu yamphamvu yotsuka m’mimba akhoza kudzivulaza koopsa. Ambiri odwala matendawa amatseguladi m’mimba, koma ena zimawagwira ngati ine.

Sindikunamizani kuti ndinachiriratu. Dokotala anandiuza poyera kuti matenda awa satheratu, amangogona. Ndimamwa mankhwala tsiku lililonse. Ena si akumwa, amalowera kwina, akuluakulu mwamva. Madzi ndimamwa ambiri, botolo limapita nane kumunda. Papaya sindimudutsa. Tsiku la sikelo yanga ku chipatala sindijomba. Pali masiku amene mimba imadandaula, koma chaka chino nsawa ndakumba ndekha. Mulungu ndi wabwino, abale!

Ndikuthokoza Ambuye amene anandikaniza imfa ya manyazi. Ndikuthokoza amai a mpingo uno amene munkanditungira madzi. Ndipo alongo anga, inu amene mwakhala chete apo, mukaona kuuma m’mimba kosatha, makamaka ndi magazi, musanene kuti mutu. Mutu ulibe mlandu.

Mwambo sindinautaye ayi. A Mwale ali kumbuyo uko, akuyang’ana pansi monga mwa masiku onse. Mpaka lero sitidyera mbale imodzi. Tikakumana panjira amatsika njinga nkupatukira kuudzu, ine ndimayang’ana kumbali. Koma asanakwerenso amafunsa chakuthengo kuti, “Amai, zayenda lero?”

Ndipo ine ndimayankha ndekha, mokweza, kuti, “Zayenda, bambo.”

Ambuye alemekezeke. Ameni.