Malungo Mulibe

Pa siteji ya Katete, Clement Mbewe ankadikira basi ya ku Chipata atakumbatira bokosi lozizira. Mayi wina wobereka mwana, thumba lake litakwezedwa kale m'minibasi ya ku Sinda, anamuyandikira.

"Achimwene, mukugulitsa zakumwa?"

"Ayi mayi, ndi magazi a odwala. Ndimagwira ntchito mu labu ya kuchipatala."

"Ndinu anthu ake! Mwanayu thupi moto masiku anayi, koma anzanu akuti malungo mulibe. Ndawachonderera kuti angolemba kuti alimo ndilandire mankhwala, akana."

"Inenso ndikanakana."

"Ngakhale mwana akufooka chonchi?"

"Makamaka pamenepo. Tikalemba bodza, inu muzimumwetsa mankhwala a malungo, matenda enieniwo akumudya."

"Basi, ndikupita naye kwa asing'anga."

"Kuchipatalako akuuzani chiyani?"

"Akuti ayezenso mkodzo ndi magazi. Ine ndatopa nazo."

"Ife sititopa, mayi. Kadontho kamodzi ndimakayang'ana mpaka maso kuwawa. Chimene chikumuwotchacho chili ndi dzina, ndipo tichipeza. Bwererani lero lomwe."

Mayiyo anakhudza chipumi cha mwanayo, namangitsa chitenje.

"Kondakitala! Tsitsani thumba langalo, sindikupitanso."