Sofa ya Ba Hilda

Anthu ojambula filimu yofotokoza mmene olemera analemerera ndi mmene osauka anatsalira anasankha nyumba ya Ba Virginia ku komboni ya George kuti iimire otsalirawo. Mayiwo anavomera, koma mtima sunakhale pansi, poti alamu awo a ku Kabanana, amene amawaderera kale, saphonya kanthu pa TV.

M'mawa wa tsiku lojambula anabwereka sofa, makatani, kapeti ndi maluwa apulasitiki kwa Ba Hilda a khomo loyandikana. Pochokera kotunga madzi anapeza amuna awo, Ba Josiah, akukankhira sofayo kunja. Bambowa ukawauza kuti dikirani pano, umawapeza pomwepo mawa lake.

"Batate ba Monalisa, muipeleka kuti?"

"Kwa bene bake. Ba filimu banakamba ati musachinje kanthu."

"Nachinja chani? Naikako chabe sofa."

"Dzulo kunalibe sofa. Kunali mipando ibili, wina ulibe mwendo."

Ba Virginia anatula chigubu n'kukhala pa sofayo, pakhomo penipeni. Anawauza kuti umphawi ndi chovala cham'kati, sayanika kumsewu. Ba Josiah anayankha mofatsa kuti filimuyo ndi ya mbiri, ndipo m'mbiri ya banja lawo simunalowepo sofa.

"Nanga beseni iyo pakati pa nyumba?"

"Ni ya podontha. Naibweza pamalo pake."

"Mu Okutobala? Mvula ili kuti?"

"Banaikonda maningi."

"Na malaya yong'ambika aya? Suti nakusitilani."

"Niyamene bananipeza nayo."

Manyazi ndi ukali zinawagwira Ba Virginia pamodzi. Analumbira kuti wofuna kutulutsa sofayo ayambe wanyamula iwo. Ba Josiah anaiyang'ana, n'kunena kuti paokha sangathe, ayambe aitana anthu. Anapitadi.

Mayiwo anapezerapo mpata: anabisa beseni, anakonza maluwa, n'kukhala mwendo pamwamba pa unzake. Galimoto ya ojambula inafika. Wina anasuzumira, anaona makatani, anapepesa kuti asochera, n'kubwerera.

Patapita nthawi Ba Josiah anabwera okha.

"Bali kuti ba filimu?"

"Kwa Ba Hilda. Bayamba kujambula kudala."

"Bajambula chani kuja?"

"Kulibe. Ndiye chamene bakondwela nacho. Vonse vili kuno."

Anafotokoza kuti ojambulawo anakasuzumiranso pa khomo loyandikana, ndipo tsopano Ba Hilda akhala pa ndowa m'chipinda chopanda kanthu, akusimba mmene chuma cha dziko chimathera m'manja mwa anthu ochepa, ndipo wojambula wina akupukuta misozi.

Ba Virginia anamva nsanje ikuwotcha pachifuwa. Zaka makumi awiri akusenza zigubu, lero nkhani yawo ikambidwe ndi munthu wa kapeti? Anadzuka n'kugwira mbali imodzi ya sofa.

"Gwilani uko, tiibweze manje manje, baone wolemela ni ndani."

"Nanga balamu ba ku Kabanana?"

"Baone! Umphawi uja ni wanga, Hilda wabweleka chabe."