Basi Sinaime pa Mphambano

Pamzere wogulira matikiti a sitima ku Ulhasnagar, m'dziko la India, mayi wina anayamba kucheza ndi nkhalamba imene inangobwera kumene ku ulendo wa pagulu.

"Mpaka ku Pakistan, bambo, kukangoona njerwa za ku Mohenjo-daro? Kunoko mabwinja atha?"

"Njerwa za chiyani, mwanawe? Mlongo wanga Popati anatsala komweko pamene tinkathawira kuno tili ana, dziko litagawidwa pawiri. Pandekha sakanandilola kuwoloka malire, n'chifukwa chake ndinalowa m'gululo."

"Ndiye munaonana?"

"Wotitsogolera anati chilolezo chathu n'cha kumabwinja kokha. Ndinatumiza uthenga kuti adzaime pamsewu tikamadutsa."

"Anabwera?"

"Pamphambano panaima agogo atatu. Basi yathu sinachepetse n'komwe liwiro."

"Mudzapitanso, bambo."

"Ndi mawondo awa?"

"Koma mwa atatuwo, wanu anali uti?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Ndinangowabayibitsa onse."